Tsitsi Lofewa Mopitirira Nalonso Limaduka

Ife amene tinasiya mankhwala owongolera tsitsi timamva uthenga umodzi kulikonse: tsitsi la munthu wakuda ndi louma, lipatseni chinyezi. Uthengawo si wabodza. Mafuta amene khungu la m'mutu limatulutsa amavutika kutsetsereka m'tsitsi lopotana, choncho kunsonga kumaumadi msanga. Koma palibe amene amatiuza polekezera. Ndiye munthu umapopera m'mawa, kudzola madzulo, kugona utavala pulasitiki, ndipo tsitsi likayamba kuduka umati chinyezi chachepa, n'kuwonjezera china. Msampha wake uli pamenepo. Tsitsi louma kwambiri ndi tsitsi lokhalira kunyowa, onse awiri amasiya tizidutswa paphewa ndi pachipeso, koma chimene chimathandiza loyambalo chimamaliziratu lachiwirili.

Ineyo tsitsi langa lenileni ndinadzakumana nalo ndili wamkulu kale. Ku pulayimale ndi ku sekondale tinkameta, monga amachitira atsikana ambiri a m'sukulu za boma, ndipo nditangolemba mayeso a Fomu 4, tsitsi litamera pang'ono, ulendo unali wa ku saluni kukathira mankhwala. Amayi anga amadziwa kumanga ndi ulusi ndi kudzoza hair food, basi. Choncho pamene ndinadula lamankhwala lonse n'kutsala ndi langalanga, aphunzitsi anga anali YouTube ndi magulu a pa Facebook. Amayi ambiri amene ndinkawaonera amakhala ku Atlanta, ku Toronto, ku London, kumene m'nyengo yozizira anthu amabindikira m'nyumba zotenthetsa ndi makina, mpweya wa m'nyumbamo uli gwa, wouma. Malangizo awo amawathandiza iwo kumeneko. Ine ndimakhala ku Lilongwe.

Ndondomeko imene ndinatengako inali yotere. M'mawa uliwonse ndinkapopera tsitsi ndi madzi osakaniza gilisalini ndi aloe vera, kenako kondishona wosatsukuluza uja, kenako mafuta a olivi, pamwamba pake kirimu wa shea butter. Njira imeneyi amaitcha LOC, chidule cha liquid, oil, cream, kutanthauza zamadzi, mafuta, kirimu. Usiku ndinkapoperanso, n'kuvala kachipewa ka pulasitiki, pamwamba duku, kuti mutu uchite thukuta. Akuti tsitsi limakula msanga likatero. Shampu ankati amaumitsa, ndiye ndinkachapa ndi kondishona yekha. Kumapeto kwa sabata ndinkapaka kondishona wokhuthala madzulo, n'kugona naye, kudzatsukuluza m'mawa.

Zimenezi ndinaziyamba cha mu Ogasiti, ndipo m'miyezi ya fumbi zinkaoneka kuti zikuyenda. Amene amadziwa Lilongwe wa mu Seputembala ndi Okutobala akudziwa kuti chovala ukayanika chimauma usanamalize kuchapa chinzake. Madzi amene ndinkapopera m'mawa pofika 10 koloko ankakhala atauluka. Tsitsi linkapeza mpata wouma tsiku lililonse, ndipo mpata umenewo ndi umene unkalisunga.

Kenako mvula inagwa. Mpweya wa mu Januwale ndi wodzaza madzi, thaulo limagona pachingwe mpaka mawa lili lonyowabe. Gilisalini ntchito yake ndi kukoka madzi mumpweya n'kuwagwira, ndiye m'dzinja amakoka osapuma. Mafuta ndi kirimu n'kutseka pamwamba, usiku pulasitiki n'kutsekanso. Poyamba ndinkasangalala ndithu, chifukwa tsitsi linafewa kuposa mmene linakhalira chiyambire. Anzanga ku ntchito ankaligwira n'kumafunsa chimene ndikudzola. Koma matwisiti anayamba kumasuka okha ndisanafike pa siteji. Ndikalipesa kuti liime, linkangogwa. Kunsonga kupotana kunatha, kunangotsala kowongoka kopanda mphamvu. Pilo inayamba kumveka kafungo ka chuku, kumbuyo kwa mutu kunkayabwa, ndipo pa tisheti yoyera pankagwera tizidutswa ta tsitsi tatifupi kuposa chikhadabo.

Amene anandiuza zoona ndi mayi wina amene amaluka tsitsi pakhonde pawo, pafupi ndi msika wa kwathu. Ndinapita kuti akandiluke mizere yovalira wigi. Iwo anangolowetsa zala kumbuyo kwa mutu, cha kukhosi, n'kuzitulutsa, n'kuziyang'ana.

"Achemwali, mwachapa m'mawa uno?"

"Ayi mayi, ndinachapa Loweruka."

"Nanga likunyoweranji mpaka lero? Tanunkhizani."

Linali fungo lomwe lija la papilo. Kenako anatola tsitsi limodzi lalitali limene linatsalira m'zala zawo, anagwira mbali zonse ziwiri n'kuyamba kukoka pang'onopang'ono pamaso panga. Linatamuka, n'kutamukabe, pakati n'kupyapyala, ndipo atasiya kukoka silinabwerere, linangolendewera lowongoka. Atakokanso linaduka popanda n'kaphokoso komwe. Anatola lina pachipeso chimene anali atangopesera mwana wawo, analiviika m'kapu ya madzi, n'kukoka chimodzimodzi. Ilo linatamuka pang'ono, atalisiya linadzipotanso mmene linalili.

"Ndikaluka chonchi, tsiku lomasula mudzabwera kudzandinena kuti ndakudulirani tsitsi. Pitani mukalichape ndi shampu weniweni, liume, musadzole kanthu kaye. Mudzabwere sabata yamawa."

Sanandilipiritse kanthu, ndipo anataya kasitomala wa tsiku limenelo. Si oluka onse amene akanatero.

Chimene mayiwa anaona ndi zala ndinadzachipeza pambuyo pake m'zolemba za akatswiri a tsitsi. Tsitsi limapangidwa ndi puloteni yotchedwa keratin. Kunja kwake kuli timamba tosanjikizana, mkati muli timinyewa timene timalipatsa mphamvu. Likanyowa limamwa madzi okwana pafupifupi 30 peresenti ya kulemera kwake, ndipo limanenepa ndi pafupifupi 15 peresenti, pamene m'litali limangowonjezera pang'ono, osapitirira 2 peresenti. Madziwo amamasula timalumikizidwe tina ta mkati, n'chifukwa chake tsitsi lonyowa limafewa ndi kutamuka. Likauma timalumikizidweto timagwiranso, mphamvu n'kubwerera. Koma kutupa kuja kumatukula timamba ta kunja. Amene ananyikapo nyemba m'madzi usiku wonse akudziwa mmene khungu lake limachitira makwinya n'kuyamba kusupuka ukangolikhudza. Tsitsi lotupa likamakhuzidwa ndi pilo, ndi chipeso, ndi zala, timamba take timabenthuka, ndipo timamba tikatha madzi amalowa ndi kutuluka mosavuta kuposa kale. Pa intaneti vutoli mudzalipeza ndi dzina loti hygral fatigue.

Tsitsi lathu lili ndi chifukwa chinanso chosamalira. Silozungulira bwinobwino ayi, ndi lophwatalala, ndipo limapindika n'kudzipota m'njira yonse, kotero pamakona onsewo ndi malo ofooka. Dokotala wa khungu wa ku University of Cape Town, Pulofesa Nonhlanhla Khumalo, pamodzi ndi anzake anafalitsa kafukufuku m'chaka cha 2000 atayang'ana pa maikulosikopu tsitsi lotsalira pachipeso. Anapeza kuti tsitsi la anthu akuda a mu Africa limadzimanga mfundo lokha, ndipo lambiri limene limagwa popesa limakhala loduka, osati lozuka ndi muzu. Ndiye tangoganizani tsitsi lotero likakhala lotupa usana ndi usiku. Amene anathira mankhwala owongolera kapena utoto woyeretsa ali pangozi yoposa, chifukwa mankhwalawo amatsegula kale timamba tija. Tsitsi ndi khungu la m'mutu zimakhala pa pH (muyeso wa asidi, nambala ikamakwera asidi amachepa) ya pakati pa 4.5 ndi 5.5, pamene mankhwala owongolera amafika pa 12 kapena kupitirira, ndipo pH yokwera chonchi ndi imene imatukula timambato.

Pano ndisakusokonezeni. Madzi si mdani. Tsitsi lopotana limapeseka bwino likakhala lonyowa lili ndi kondishona, ndipo kulipesa louma gwa ndi kulidula dala. Ine mpaka lero sindilowetsa chipeso m'tsitsi louma. Vuto ndi tsitsi losapeza nthawi youma, limene limachoka m'kunyowa kwa dzulo n'kulowa m'kunyowa kwa lero.

Musanayambe kusintha zinthu, yambani mwaona chimene chikugwa m'mutu mwanu. Tolani tsitsi pachipeso muliike papepala loyera. Lalitali lokhala ndi kamutu koyera kumapeto kwake lathothoka lokha, nthawi yake inakwana. Munthu aliyense amataya pakati pa 50 ndi 100 patsiku, ndipo amene wakhala ndi meshi kwa milungu ingapo asadabwe kuona mulu pomasula, ndi la masiku onsewo. Tizidutswa tatifupi topanda kamutu ndi tsitsi loduka, ndipo ndilo loyenera kudandaula nalo. Kenako chitani zimene anachita mayi aja. Tengani limodzi, mulinyowetse, mukoke pang'onopang'ono. Likaduka msanga lisanatamuke, lili lokhakhala m'zala, ndiye kuti ndi louma ndipo likufunadi chinyezi. Likatamuka osabwerera, lili lotelera, lachita kukhuta madzi. Musayese limodzi lokha, tengani kutsogolo, pakati ndi kumbuyo, chifukwa mutu umodzi umatha kukhala ndi mavuto awiri. Kuyesa kuja kotchuka koponya tsitsi m'tambula ya madzi kuti muone ngati limira, ine sindikuwerengera. Tsitsi lodzola mafuta limayandama, zilibe kanthu kuti mkati mwake muli bwanji.

Nditachapa ndi shampu ndinazindikira kuti vuto langa linali pawiri. Kunsonga kunali kokhuta madzi, koma kutsinde kunali kokutidwa ndi litsiro la zodzola. Madzi otsukuluza anatuluka otuwa, oterera. Ndikakanda m'mutu ndi chikhadabo munkatuluka phala loyera. Ili ndi vuto lina, ndipo ndikuganiza kuti ndi lofala kuposa loyamba lija, makamaka kwa ife okonda hair food ndi mafuta olimba. Kondishona yekha sachotsa shea butter, mafuta a petroleum kapena silicone amene ali m'makirimu ambiri. Zimangosanjikizana sabata ndi sabata mpaka madzi kulephera kulowa. Tsitsi lotero limaoneka lotuwa, ukaligwira zala zimatsala ndi mafuta, koma limamveka louma, ndipo ukalithira madzi amangotsetsereka pamwamba. Mwini wake amati tsitsi langa silimva mafuta, n'kukagula botolo lina lodula kuposa loyamba. Mng'ono wanga anali momwemu, pawindo pake pali mabotolo ndandanda, pamene chimene chinkafunika ndi shampu mmodzi wotsika mtengo.

Pa nkhani ya shampu ndikufuna ndichedwepo pang'ono, chifukwa anthu amamuopa mopitirira. Bungwe la madokotala a khungu ku America, American Academy of Dermatology, limalangiza kuti tsitsi la anthu akuda lizichapidwa kamodzi pa sabata kapena kamodzi pa masabata awiri, ndipo chifukwa chimodzi chimene limapereka n'choti zodzola zisaunjikane. Shampu wokhala ndi sulfate amene amanyozedwa pa intaneti ali ndi ntchito yake: ndi amene amachotsa mafuta olimba. Simukuyenera kumugwiritsa ntchito nthawi zonse, koma ngati mumadzola zolemera, kamodzi pamwezi n'kofunika. Pakani m'khungu la m'mutu ndi nsonga za zala, thovu litsike lokha kunsonga potsukuluza. Chimene sindingalangize ndi sopo wochapira zovala kapena soda. Ndikudziwa kuti ambiri tinakula tikusamba m'mutu ndi sopo yemwe wachapira malaya, ndipo tsitsi lometa silidandaula. Koma sopo ndi soda zili ndi pH yokwera, zimatupitsa tsitsi n'kutukula timamba tomwe tija tikufuna tigone. Komanso kumene madzi a pamjigo ndi amchere, sopo akakumana ndi madzi otere amasiya zoyera zomatirira m'tsitsi.

Kuyabwa kuja nakonso kunali ndi mwini wake. Pakhungu la m'mutu mwa munthu aliyense pamakhala tizilombo ta mtundu wa yisiti totchedwa Malassezia. Timadya mafuta, ndipo timakonda malo ofunda a chinyezi. Mutu wodzola mafuta a olivi, wophimba pulasitiki usiku wonse mu Januwale, ndi phwando kwa ito. Tikachuluka mfundu imabuka, khungu limayabwa, nthawi zina kufiira ndi kutuluka timabala. Choipa n'choti mfundu timaiona ngati chizindikiro cha kuuma, ndiye timathira mafuta ena m'mizere, kuwonjezera chakudya cha tizilomboto. Ine kuyabwa kunatha nditasiya pulasitiki ndi kudzola mafuta pakhungu. Amene sikukutha, ku famase kuli shampu wa ketoconazole, mufunse wogulitsa mankhwala akuuzeni kagwiritsidwe kake. Koma mukaona tsitsi likuchoka mozungulira ngati chipere, kapena pakati pamutu pakuyera pang'onopang'ono pali kuwawa, musataye nthawi ndi zodzola, pitani kuchipatala akakuoneni a zakhungu. Pali matenda ena amene amapha mizu ya tsitsi, ndipo muzu ukafa palibe mafuta amene angaudzutse.

Tsopano za puloteni. Aliyense amene mungamuuze kuti tsitsi langa lafewa mopitirira adzakuuzani kuti thirani puloteni, ndipo ambiri adzathamangira dzira ndi mayonesi. Ine dzira ndimakazinga. Puloteni ya m'dzira ndi yaikulu, simamatira bwino kutsitsi, yambiri imapita ndi madzi otsukuluza. Ndipo amene anatsukuluzapo dzira ndi madzi otentha akudziwa ntchito yotola tizidutswa toyera m'mutu. Imene imathandiza ndi yophwanyidwa kale kukhala ting'onoting'ono. Pabotolo la kondishona yang'anani mawu akuti hydrolyzed keratin, hydrolyzed wheat protein kapena hydrolyzed silk. Imeneyi imakakamira m'malo obenthuka n'kulilimbitsa tsitsi kwa kanthawi. Ndikuti kwa kanthawi chifukwa tsitsi lomwe latuluka kale m'khungu ndi lakufa, silipola. Puloteniyo imangomata ming'alu ndipo imachoka ndi kuchapa. Ndinaigwiritsa ntchito motsata zolembedwa pabotolo, mphindi zake zomwezo, ndipo kusintha ndinakumva potsukuluza pomwepo, tsitsi linali ndi thupi m'manja. Musaipange chizolowezi cha sabata iliyonse. Ikachuluka tsitsi limauma gwa n'kumathyoka, ndiye mwachoka kudzenje lina n'kugwera lina. Ine ndimabwereza pokhapokha ndikaona kutamuka kuja kwayambanso, ndipo miyezi imatha ndisanaifune.

Za kugona ndi kondishona m'mutu ndinasiyiratu. Opanga amalemba pabotolo mphindi zoyenera, ena zisanu, ena makumi awiri kapena atatu. Zimene zikanamatira kutsitsi zimakhala zitamatira m'nthawi imeneyo. Maola ena onsewo tsitsi limangokhala m'madzi likutupa.

Chimene chinandithandiza kwambiri, ndipo n'chotsika mtengo, ndi mafuta a kokonati odzola ndisanachape. Mu 2003 akatswiri awiri a ku India, Rele ndi Mohile, anayerekeza mafuta a kokonati, a mpendadzuwa ndi a mineral oil. Anapeza kuti a kokonati okha ndi amene ankachepetsa kwambiri kutayika kwa puloteni m'tsitsi, chifukwa ali ndi lauric acid, amene amatha kulowa mkati mwa tsitsi m'malo mongokhala pamwamba. Tsitsi lomwe lamwa mafutawa silimwa madzi ambiri pochapa, ndiye silitupa kwambiri. Ndimadzola pang'ono, kuyambira pakati mpaka kunsonga, osati pakhungu, ola limodzi kapena awiri ndisanachape, tsitsi lili louma. Pali ena amene mafuta a kokonati amawaumitsira tsitsi, makamaka mu Juni ndi Julaye pamene mafutawa amagwirana chifukwa cha kuzizira. Ngati muli m'gulu limenelo musaumirire. Mafuta a nsatsi ndi a malambe ndi abwino potsekera chinyezi kunsonga mukamaliza kuchapa, koma a nsatsi ndi olemera, kadontho kokha kamakwana.

Kuumitsa ndi ntchito imene anthu amaipeputsa. Tsitsi lathu likakhala lochindikala, kunja kumauma msanga koma mkati, makamaka kumbuyo ndi pakati pamutu, mumasunga madzi mpaka mawa. Ndimachapa m'mawa, osati madzulo. Ndimafinya ndi tisheti yakale m'malo mwa thaulo lokhakhala, osapukuta mokhuza. Kenako ndimagawa magawo n'kumanga ndi ulusi momasuka, monga ankachitira amayi, n'kukhala panja pamthunzi podutsa mphepo. Ulusi umawongola tsitsi kuti lisamangane mfundo pouma, ndipo sufuna magetsi, amene tonse tikudziwa kuti amazima utangopaka shampu. Amene ali ndi makina oumitsira agwiritse ntchito mpweya wofunda pang'ono, osati wotentha. Ndisanamange duku usiku ndimalowetsa chala mkati mwa gawo lililonse mpaka pakhungu. Chikatuluka chozizira, sindinamalize.

Ovala wigi ndi oluka meshi, apa ndi panu. Mizere yolukidwa tsitsi lili lonyowa, n'kuvundikira ndi kachipewa ka wigi, pamwamba wigi, m'minibasi ya mu Disembala, siuma. Chimodzimodzi meshi yopoperedwa m'mawa uliwonse m'dzinja: ulusi wa meshiwo sumwa madzi, amene amamwa ndi tsitsi lanu lomwe lili mkati, ndipo lili kale pa chikoka. Pomasula ndi pamene mumaona mfundo zoyera kutsinde ndi tsitsi loduka pomwepo. Wigi muzivula mukafika kunyumba. Mukachapa meshi, patulani tsiku lonse loumitsa. Ana nawonso, makamaka aang'ono amene amatuluka thukuta m'mutu akagona, safunika kupoperedwa ndi kudzozedwa m'mawa uliwonse asanapite ku sukulu ya mkaka.

Mayi aja nditabwererako anagwira tsitsi n'kugwedeza mutu kuti tsopano likhoza kulukika, koma anandionetsa kunsonga. Kumeneko kunali kutapita. Kunali kopyapyala, kogawanika, ndipo ngakhale puloteni sikunabwezere kupotana kwake.

"Uku tidule, achemwali. Mukakusunga, kung'ambika kuzikwera m'mwamba."

Zinandiwawa, poti tsitsi lathu limakula pang'onopang'ono, osafika bwinobwino sentimita imodzi pamwezi, ndipo chimene anadulacho chinali cha miyezi ingapo. Koma kuyambira pamenepo tizidutswa ta pa tisheti tinachepa kwambiri. Anadula ndi sizasi yakuthwa yosungira tsitsi lokha. Sizasi yodulira mapepala ndi nsalu imatafuna nsonga, n'kuyambitsanso kugawanika komwe mukuthawa.

Lero ndilibe ndondomeko imodzi ya chaka chonse. Kuyambira Disembala mpaka Malichi gilisalini ndimangodzola kumapazi. Ndimachapa sabata iliyonse chifukwa cha thukuta, kondishona wosatsukuluza pang'ono tsiku lochapa lokha, kadontho ka mafuta kunsonga, kenako osalikhudzanso ndi madzi mpaka nditamva kuti layamba kukhakhala, zimene m'dzinja nthawi zambiri sizichitika tsiku lochapa lina lisanafike. Mu Juni ndi Julaye ndimawonjezera kirimu pang'ono. Mu Seputembala ndi Okutobala ndi pamene kabotolo kopopera kamatuluka, ndipo ngakhale pamenepo ndimayamba ndagwira tsitsi kaye ndisanapopere. Likakhala lofewa, lozizirira m'manja, ndimalisiya. A ku Mulanje, Thyolo ndi Blantyre, kumene chiperoni chimanyowetsa ngakhale m'miyezi yozizira, komanso a kunyanja monga ku Nkhata Bay, kalendala yanu sikhala ngati yangayi. Abale athu a ku Johannesburg, kumene Juni ndi Julaye ndi ouma koopsa, angafune chinyezi chochuluka kuposa ine m'miyezi imeneyo.

Funso limene ndimafunsidwa kawirikawiri ndi loti zimatenga nthawi yaitali bwanji kuti tsitsi libwerere. Fungo ndi kulemera zimatha tsiku lomwe mwachapa bwino n'kuumitsa. Kuyabwa kumatenga masabata angapo. Kutamuka kumachepa mukasiya kunyowetsa tsiku ndi tsiku n'kuthira puloteni. Koma gawo limene timamba take tinatha silibwerera, limangodikira sizasi, ndipo mungathe kumadula pang'onopang'ono ngati simukufuna kutaya utali wonse nthawi imodzi. Pa nthawi imeneyi pewani utoto, mankhwala owongolera ndi chitsulo chotentha, ndipo mukaluka muuze wolukayo asakoke m'mphepete mwa chipumi.